A Kwenda, Phungu Wopanda Dera

Ku Zemba kunalibe munthu wokonda kuwerenga anzake ngati malemu Simoni Kwenda. Ena pamaliro akulira, iwo ankaloza mitu ndi chala. Chimvereni pa wailesi kuti boma likufuna kudulanso malire a madera a aphungu potsata kuchuluka kwa anthu, mutu udawazungulira. Pa ukhansala adagwa katatu, koma ankati cholakwa ndi malire: Zemba ikangopatsidwa mpando wakewake, phungu ndi iwo basi.

Amene adaziona ndi akazi awo, mayi Veronika. Tsiku lina adawapeza ataima panjira ya ku kiliniki, akubweza azimayi okatenga mankhwala olerera.

"Mukutichepetsa! Berekani, tipeze mpando!"

"Anawo mudzawadyetsa ndinu?" adafunsa mayi wina.

"Ndikalowa ku Palamenti."

"Ndiye kuti afa ndi njala."

Mlendo wongopempha madzi ankalowa m'chiwerengero. Woyembekezera ankamuwerenga kawiri, wa mimba yaikulu katatu.

Akuluakulu oona za malire atabwera pa boma kudzamva maganizo a anthu, a Kwenda adapalasa njinga atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, mapu awo atajambula ndi makala pa thumba la feteleza. Mzere wa malire unkadzandira ngati wakhuta kachasu: apa walambalala mudzi umene udawamana voti, apo wakhota kukatola abale awo a ku Mlolo.

"Nanga pano mzere wadutsa pakati pa nyumba bwanji?" adafunsa mkulu wina.

"Mwamuna ndi wathu. Mkaziyo ngwa chipani china."

Nyumbayo inali yawo yomwe. Holo yonse idafa nalo phwete, mayi Veronika nkungodzifunditsa chitenje kumutu. Atafika kwawo adawauza amunawo mwaulemu kuti khitchini yagwera kudera linalo, choncho akadye kwa owavotera.

A Kwenda adamwalira nyengo yokumba mtedza, nkhani ya malire isanathe, ndipo ambiri adati phokoso lachepa. Patapita miyezi kudachitika msonkhano wina pa boma. Andale a magalimoto adalankhula za midzi ya eni ngati akugawana nyama ya ng'ombe yofa yokha. Kenaka wapampando adafunsa ngati alipo wa ku Zemba wofuna kunenapo kanthu.

Mayi Veronika adatembenuka uku ndi uku. Madoda onse a kwawo, ndevu pepeya, anali zyoli, akuyang'ana zala za kumapazi. Wapampando adadikira pang'ono, nkuitana a dera lina.