Batire la apongozi linandidyera buluku

Anzanga, ine ndine mkamwini, chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi ndili pamudzi pa eni ake kuseri kwa Chonde. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo ine ndakhala ndikuusunga waung'ono ndithu. Apongozi anga aakazi ndi achikale, sitiyang'anizana, sitiyankhulana. Akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wanga Esinati, ine ndili pompo, Esinati n'kundiuza ine. Vuto linali limodzi, zinandipeza m'makutu kuti apongoziwo amati mwamuna wa Esinati luso lake lili pakamwa basi. Mawuwo ankandiwawa, sindinama, ndipo ndinkangofuna mpata woti ndiwafafanize.

Mpata unabwera batire lawo la sola litafa, lija lomata lopanda zotsekula, limene linkayatsa babu ndi wailesi yawo. Iwo anati alipereke kwa aja amagula mabatire akufa, ine n'kutuma Esinati akawauze kuti asayerekeze, batire silifa, limangokomoka. Nzeru imeneyi ndinali nditaitola dzulo lake pa vidiyo ya pafoni. Komanso ndimagwira ntchito kufakitale ya tiyi, ndiye pamudzi amaganiza kuti za magetsi ndimazidziwa, pomwe ntchito yanga ndi yosoka matumba. Kodi ndikanayamba ndine kuwawongolera?

Loweruka m'mawa ndinalikanula pamwamba ndi mpeni wa Esinati, mpeni n'kuthyoka nsonga, koma ndinapeza timphira tisanu ndi kamodzi monga ananenera mwini vidiyo. Iye anati muthiremo madzi oyera a m'botolo aja a mabatire. Ine ndinati madzi oyera kuposa otsika m'phiri lathuli angachokere kuti? Ndinathira a kumtsinje. Kenaka ndinaganiza kuti wodwala sachira ndi madzi okha, ndiye ndinalimanga pa njinga mpaka pa Nkando, kwa mkulu wina wokonza njinga zamoto amene amatchajanso mabatire.

Mkuluyo analiyang'ana, nalikanikiza m'mbali ndi chala, n'kundiuza kuti latupa, mkati mwake zinaola kale, ndingolisiya. Ine ndinamuuza kuti andigulitse asidi, zinazo ndi za ife akufakitale. Ndinadzaza tibowo tonse mpaka pakamwa, iye n'kulilumikiza kumakina ake otchajira, kenaka anasuntha benchi yake n'kukakhala patali. Patapita maola atatu batire linali lotentha ngati mbatata yootcha, likununkha mazira owola, koma kamita kake kanaonetsa 12. Ndinamufunsa ngati akuonabe maliro. Iye anangoti kamita kamaonetsa nambala, sikaonetsa mphamvu, ndipo ndinamuchitira chisoni poona kuti nsanje yamugwira.

Ndinalimata ndi selotepi, n'kulikulunga m'thumba la feteleza. Nditafika potsetsereka ndinaona thumba lanyowa, ndiye ndinalimasula kuti batire lipitidwe mphepo. Tsono chishalo cha njinga yanga chinang'ambika kalekale, chimaluma. Thumba lili m'manja, chishalo chikuluma, inu mukanatani? Ndinalipinda kanayi n'kukhalira. Dzuwa linali la Okutobala, ndipo pofika pa Chonde kumbuyo kunali kukuyabwa ngati ndakhalira chitedze, ine n'kumati ndi thukuta. Buluku linali lakhaki lija ndimapita nalo ku misonkhano ya makolo kusukulu.

Ndinafika cha m'ma folo, apongozi ali pakhonde pamphasa akusola nandolo. Ndinauza Esinati awauze kuti ayatse wailesi m'maganizo, zinthu zatheka. Esinati anawauza, kenaka anatenga ndowa n'kupita kumjigo, poti madzi anali atatha m'nyumba. Ndinayenera kumudikira, koma mtima unali utathamanga kale.

Mawaya a sola amatulukira pakhonde pomwepo, m'munsi mwa zenera. Mkamwini wamwambo sangagwire ntchito atayang'ana apongozi ake kumaso, choncho ndinachita zaulemu, ndinawafulatira bwinobwino, n'kuwerama. Nditagunditsa waya, babu linayaka, wailesi n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya. Ee, anzanga, mtima wanga unachita kuti myaa! Kwaya inaimba mzere umodzi, wachiwiri inauyamba ngati ikumira m'madzi, babu n'kufiira, n'kuzima.

Ndinati ndi waya sanagwire, ndiye ndinawerama kwambiri. Panamveka kaphokoso kakang'ono, osati kong'ambika kwenikweni, koma ngati pepala lonyowa likulekana, ndipo kuyabwa kuja kunasiya, kunabwera kamphepo kabwino kochokera kuphiri. Ine ndinayamikira nyengo. Asidi anali atadya buluku ndi kabudula wamkati yemwe, nsalu inkangodikira munthu awerame.

Apongozi anatsokomola. Ndinati atopa kudikira, ndifulumire, ndipo ndinatambasula miyendo kuti ndione bwino pansi pa zenera. Anatsokomolanso, n'kuitana Esinati kawiri, Esinati ali kumjigo. Anayankhula kena kake m'Chilomwe, kooneka kuti akuuza Mulungu, osati ine. Ine osatembenuka, ulemu, ndinkayankhula ndi khoma kuti mayi asadandaule, zonse zioneka posachedwa. Ndinanenadi mawu amenewo, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya kudya.

Kenaka ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, mapazi akuyandikira, chitenje n'kundigwera m'chiuno. Zitatero, mayi amene sanandiyankhulepo maso ndi maso chikwatirire mwana wawo anatsegula pakamwa.

"Apongozi, lisiyeni batirelo. Taona kale zokwanira, ndipo taona popanda getsi."

Ndinapapasa kumbuyo. Kunalibe buluku, kunali lamba ndi matumba awiri akulendewera. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, moti ndinalakalaka ndikanakomoka ine m'malo mwa batire. Koma wapatsidwa kanthu ndi apongozi umayenera kuthokoza, ndiye ndinamanga chitenje, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo mayi," ndinatero, ndikuyang'ana nandolo.

Kuchoka pamenepo kukafika kunyumba kwathu ndi mabwalo anayi a azilamu anga, ndipo tsiku limenelo onse anali panja. Ndinadutsa nditavala chitenje cha maluwa achikasu, ndikukankha njinga, ndikupereka moni kwa aliyense ngati mmene ndimachitira masiku onse. Esinati ndinakumana naye panjira, ndowa ili pamutu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati wailesi yalira. Ndinamuuza kuti yalira pang'ono. Anaseka mpaka madzi onse anatayika.

Sabata yonse ndinkasoka matumba chiimirire, anzanga n'kumati ndalimbikira ntchito. Batire linatengedwa ndi ogula zakufa aja, ndipo akuti ngakhale iwo analinyamula ndi ndodo. Apongozi sananenenso kuti luso langa lili pakamwa, koma zimene amanena tsopano Esinati akukana kundiuza.

Ndiye inu, batire lanu likafa musandiitane kuti ndidzalidzutse. Ndidzabwera kudzapepesa maliro basi, ndipo ndidzakhala pansi, msana kukhoma.