Felemu ya Malemu Apongozi

Lolemba

Mkazi wanga Nambewe wabwera kuchokera kwa amayi ake atanyamula chinthu chokulunga m'nsalu. Wachiika pamphasa. "Amayi akuti mukonze, pofika Lamulungu." Basi, watenga ndowa, wapita kuchitsime.

Ndi chithunzi cha malemu apongozi aamuna, chimene anajambulitsa kalekale ku Halale. Avala chipewa, agwira njinga. Felemu yake ndi yamatabwa akuda, galasi ladzaza mwaye, ngodya imodzi inadyedwa ndi chiswe.

Kukonza kwake kotani? Kupukuta? Kukhoma? Kupaka penti? Eni ake ali pompano, kuseri kwa nkhokwe, koma mkamwini sayankhulana ndi apongozi aakazi. Chikwatirireni pamudzi pano sindinawaone nkhope bwinobwino. Ndimangodziwa msana wawo ndi katsokomoledwe kawo.

Tsono Lamulungu lomwelo akubwera a Kachiwanda, malume ake a Nambewe, kudzamva pempho langa la chitengwa. Ndikufuna andilole nditenge mkazi ndi ana tikakhale kwathu ku Kasakula, kumene munda wanga ukungomera tsekera. Ndiye felemuyi ndi mayeso. Akufuna aone ngati ndimatha kusamala za eni. Palibenso china.

Zochita:
Kuchotsa mwaye.
Kutseka podya chiswe.
Kukongoletsa pang'ono.
Osaswa galasi.

Ntchito yochepa. Ndiyamba mawa.

Lachiwiri

Ndazula timisomali takumbuyo ndi mpeni. Chithunzi chakana kutuluka, chinamatirira kugalasi. Ndakoka pang'ono, mlomo wa chipewa watsala pagalasi, mutu wabwera kwa ine. Ndabwezera msanga. Ndapepesa, ngakhale sindikudziwa ngati akufa amamva.

Ndasiya chithunzi, ndayamba matabwa. Ndikupala ndi phale la botolo. Kuda kuja sikunali penti ayi, unali utsi wa zaka zonsezi. Pansi pake thabwa ndi lotuwa, timabowo paliponse. Ndadina ndi chala kuti ndimve kulimba kwake, chala chalowa.

Ndiye kuti chimene chimagwira felemuyi chinali utsi womwewo. Ine ndauchotsa.

Ndatuma Nambewe akafunse ngati amayi akufuna ikhale yakuda ngati kale kapena ya mtundu wina. Wakhalako mpaka dzuwa kupendeka, wabwera akutafuna mtedza. "Akuti mukudziwa kale."

Sindikudziwa. Ndikudziwa chiyani ine? Kapena pali chimene ananena tsiku la chinkhoswe ine ndili chozolika? Ndamufunsa Nambewe kuti pomanena nkhope yawo inali yotani. Akuti inali nkhope yawo yomweyo.

Lachitatu

Ulendo wa ku Chezi kukagula penti. Khadi yachipani ili m'thumba, ndaigwira njira yonse kuti ingagwe.

M'sitolo ya Che Bakali muli mitundu iwiri yokha, wobiriwira wa zitseko ndi wasiliva wa njinga. Ndafotokoza nkhani yanga. Iwo akuti, "Akufa sadandaula za mtundu, achimwene. Odandaula ndi otsalawa." Akutinso ku Lilongwe anthu amamata nyemba ndi nthanga m'mbali mwa felemu, zimaoneka ngati zogula. Ndatenga wasiliva. Poti m'chithunzimo muli njinga, mwina zigwirizana. Che Bakali atsegula chitini kuti ndione, ndipo atseka ndi chibakera.

Pobwerera, patsinde pa phiri, ndikuona msana umene ndimaudziwa, koma lero wasanduka kumaso. Apongozi, nkhuni pamutu, njira imodzi yomweyi. Minda yonse ndi yapululu nyengo ino, pobisala palibe. Ndadumphira kuseri kwa chulu. Iwo apatukira kuseri kwa mtengo wa mango.

Ndikudikira kuti adutse. Iwonso akudikira kuti ndidutse. Wamkulu ndi amene amayamba, kapena wamng'ono? Palibe anandiuzapo. Atsokomola. Nane ndatsokomola. Takhala choncho mpaka linthumbu landipeza.

Podzuka, chitini chatseguka m'thumba. Mwendo wakumanja wa buluku ndi wasiliva mpaka m'bondo. Buluku lake ndi lomwe ndimati ndivale Lamulungu.

Lachinayi

Lero zayamba bwino. Ndadula nsungwi, ndazing'amba, ndazunguliza felemu yonse kuti igwire matabwa ofumbwa aja. Mzere umodzi unaoneka wowonda, ndawonjeza wina. Kenaka wina. Penti wotsala wakwana mbali zitatu. Mbali yachinayi ndamata nyemba zamawanga ndi nthanga za maungu, zomatira zake phala la ufa. Zikuoneka ngati zogula ndithu. Ndayanika padenga la khola.

Nkhuku zakwera. Ndapirikitsa. Zakweranso. Ndakhala pompo ndi kamtengo ngati woweta.

Ndili chikhalire akudutsa a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani. Aima, ayang'ana, apendeketsa mutu. "Chachikulu bwanji, akamwini. Ngakhale chija cha ku ofesi sichifika apa." Aseka, apita.

Chithunzi cha ku ofesi aliyense akudziwa kuti ndi cha ndani. Chili m'sitolo iliyonse, pamwamba pa zonse, ndipo china sichiyenera kuchiposa.

Anaseka, inde. Koma anaseka kuseka kwake kuti? Kwa nthabwala, kapena kwa munthu amene wapeza chokanena? Nambewe akuti a tcheyamani amaseka ngakhale pamaliro. Zimenezo sizikundithandiza.

Ine ndimafuna kupita ku Kasakula, osati kumene amapita anthu osabwerako.

Lachisanu

Galimoto yalira kumsewu, ndalowa m'nyumba. Inali ya fodya.

Ndabwereka sowo kuti ndichepetse felemu. Funso ndi lakuti, cha ku ofesi chija ndi chachikulu bwanji? Kukayeza sindingayerekeze. Munthu angakuone ukutambasula dzanja pachithunzi chimenecho, udzati umatani? Ndangoganiza kuti ndidule kwambiri, kuti pasakhale chokayikitsa.

Ndadula nsungwi. Sowo yapitirira, yalowa m'matabwa akale. Matabwa angoti fumbi phulu, mbali yonse yathera pansi. Tsopano felemu ndi yaing'ono, galasi ndi lalikulu. Ndayesa kulikankhira mkati mofatsa, ndi chikhatho.

Lalira kamodzi kokha.

Mng'alu wayenda kuchokera pamwamba mpaka pansi, pakati pa apongozi ndi njinga yawo. Nkhope ili bwino. Koma munthu ali mbali ino, njinga mbali iyo, dzanja latsala pachiwongolero.

Ndili m'kati moyang'ana zimenezi, nkhuku zatha nyemba.

Nambewe waona, wagwira pakamwa, watuluka. Kuseri kwa nyumba ndikumva mawu. Kaya akulira, kaya akuseka. Ndamufunsa, akuti ndi chimfine.

Loweruka

Ndamanga zonse pamodzi ndi malegeni a chubu cha njinga. Zagwira. Ukanyamula osapuma mpweya, sizigwedera.

Mmene zilili tsopano:
Matabwa a ku Halale, mbali ziwiri ndi theka.
Nsungwi zasiliva.
Malegeni akuda m'ngodya.
Phala louma pamene panali nyemba. Nyerere zalipeza.
Nthanga imodzi, imene nkhuku zaikana.

Masana ndili pakhonde, kuseri kwa mpanda kwamveka kutsokomola kuja. Apongozi akuyankhula ndi mbuzi yawo mokweza. "Iwe mbuzi, mawa ndi Lamulungu. Amuna anga anthu ena awasunga sabata yathunthu ngati akaidi."

Mwayi ndi umenewu. Ndatembenukira khasu langa limene lili pakhoma. "Iwe khasu, kodi eni chithunzi amafuna chiyani makamaka? Nanga galasi litakhala kuti lang'aluka pang'ono, angamve bwanji?"

Kenaka, "Mbuzi iwe, chimene wayamba kudya umalize."

Ameneyo ndine, kapena mbuzi inalidi kudya kanthu? Ndasuzumira pampanda iwo atachoka. Mbuzi ikutafuna chisanza. Ndiye sindikudziwabe.

Buluku ndachapa ndi mchenga. Siliva sakuchoka, wangowala. Nambewe akuti ndipake mwendo winawo kuti ifanane, koma penti anatha.

Lamulungu

A Kachiwanda afika titaweruka kutchalitchi. Takhala pansi pa mtengo, ine mwendo wasiliva ndaupinda kumbuyo. Apongozi ali m'nyumba, chitseko chotsegula pang'ono. Nambewe wagwada, wapereka felemu.

A Kachiwanda ayang'ana nthawi yaitali. Atola nyerere imodzi, ataya. "Njingayi sinali yake ndi kale lomwe, inali ya wojambula. Mwachita bwino kumulanda."

Atumiza felemu m'nyumba. Ndatchera khutu. Kulira kulibe, kuseka kulibe. Kwangomveka kukhoma msomali.

Ndayamba mawu anga a chitengwa, amene ndakhala ndikuloweza chaka chonse. Munda wa ku Kasakula, amayi anga okalamba, ana akukula. Andimvera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Mwayankhula bwino, akamwini. Ngati mlamu wanga wa pachithunzi uja. Kwawo kunali ku Nachisaka. Naye chaka ndi chaka ankagwada pansi pa mtengo uno kupempha chitengwa kwa malume athu. Munthu wabwino, wamanja ake. Mudzi sukanamutaya." Aloza kumanda ndi ndodo. "Ali apo. Za ku Kasakula tidzaona mukakolola."

Ndawomba m'manja. Ndathokoza. Chimene ndathokozera sindikuchidziwa.

Ndiye mayeso aja ndakhoza kapena ndalephera? Ndikanalephera akanati sindingasamale mwana wawo. Ndikanakhoza akanati wamanja ake sachoka. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, njira zonse ziwiri zikuthera pakhonde pomwe pano.

Alendo atapita, Nambewe wabweranso ndi chinthu chokulunga m'nsalu. Felemu ina, galasi lake lathunthu, m'kati mopanda munthu. "Amayi akuti iyi musakonze. Akuti mukagulitsa fodya mukajambulitse ku Mponela. Pakhoma akhoma kale msomali wake, pafupi ndi abambo."

Nambewe akuti ndi ulemu waukulu. Mwina ndi ulemu.

Mawa ndilawirira kukayamba nazale ya fodya, kudambo la konkuno.