Maenje a Sibale

Ku Kaseye kunalibe munthu wodana ndi madzi oyenda ngati malemu a Lyson Sibale. Mvula ikayamba kugunda malata, anthu anzeru ankathawira m'nyumba, iwo ankatulukira panja, khasu m'manja, thumba la feteleza kumutu, n'kumatsekereza madzi ngati mbuzi zolowa m'munda.

"Mukupita kuti? Lowani pansi!" ankawakalipira madziwo.

Anakumba maenje kuzungulira nyumba yonse, n'kuthiramo miyala ndi mchenga, kuti madzi ochokera padenga azimira m'nthaka kufupi ndi chitsime chawo. Akazi awo, mayi Eluby, anavutika nawo maenjewo. Munagwa nkhuku, munagwa apongozi, munagwa katekisiti ndi njinga yomwe.

"Awiske Mwai, alendo atha pakhomo pano!" ankadandaula Eluby, poitana amuna ake ndi dzina la mwana wawo monga amaitanirana kumeneko.

"Aziyang'ana poponda, anyina Mwai. Chitsime mumachikama chaka chonse, munachidyetsapo liti?"

Tsiku lina wapolisi wochokera kummwera anausa mvula pakhonde pawo. Sanapume. Nkhalamba inamukoka dzanja mpaka kumsewu.

"Bwana, shuga akamatuluka m'dziko mozemba mumagwira. Nanga madzi onsewa akuchoka m'mudzi opanda chilolezo, inu mukungoyang'ana?"

"Madala, ine madzi sindimanga."

"Ndiye ntchito yanu n'chiyani?"

Mudzi unaseka chaka chathunthu. Koma Okutobala akafika, zitsime zina zitauma, oseka omwewo ankafika ndi ndowa, ulemu wosefukira. Ankatunga, n'kuthokoza kuti yewo, n'kukayambiranso kuseka pokhota njira. Eluby zinkamuwawa, koma ankangoti zilekeni. Mawondo ake anali atatupa kalekale, ndipo chitsime cha kuseri kwa khitchini ndicho chinkamupulumutsa ku ulendo wa kumjigo, kutsidya kwa dambo.

A Sibale anamwalira m'chilimwe. Mmawa wa maliro, Eluby ali m'nyumba pamphasa, atazunguliridwa ndi amayi monga ayenera kukhalira wamasiye, anamva makasu panja. Amuna a m'mudzi anali atagwirizana kuti anthu obwera kumaliro sangakhale pabwalo la maenje, n'zochititsa manyazi. Miyala anaizula n'kupatsa ophika kuti ikhale mafuwa. M'maenjemo anathira dothi la pachulu, n'kupondaponda mpaka bwalo linasalala ngati la sukulu. Eluby anayesa kudzuka.

"Khalani pansi, mayi," anatero mlamu wake Ruth, akumugwira phewa. "Wamasiye satuluka. Akukonzerani pakhomo."

Anakonzadi. Dzinja lotsatira madzi anatsika padenga, anadutsa pabwalo mosapunthwa, ulendo wa kudambo. Pofika Okutobala ndowa inayamba kutuluka m'chitsime ndi matope okhaokha. Eluby anapempha amuna aja kuti akumbenso.

"Mayi, musatengere misala ya amuna anu," anamuyankha. "Madzi aja anali a mankhwala. Mwiniwake wapita nawo."

Anthu awa! Kuvomera ufiti n'kosavuta, kusiyana ndi kugwira khasu.

Masiku ano Eluby amawoloka dambo ndi ndodo, ndipo amatunga theka la ndowa chifukwa yodzaza mawondo amaikana. Amafika mzere utatalika kale. Pamzerepo nkhani ndi ya malemu, aliyense ndi yake, kuseka mpaka kupukuta misozi. Dzulo Ruth anatembenuka, n'kumuona ali kumapeto, atatsamira ndodo padzuwa.

"Koma mlamu, mudzi wazizira. Palibenso wotiseketsa."

Ananena ndi chisoni chenicheni, kenako anasuntha ndowa zake kupita kutsogolo.