Tsiku Limene Ndinadziyeza pa Sikelo ya Apongozi

Kwa apongozi anga ku Nazombe ndimapitako, koma kuseri kwa nyumba, kumene kuli mtengo wa mango, sindidutsako. Chifukwa chake ndi sipuling'i.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo phunziro la sipuling'i ndimalidziwa ngati dzina langa. Ukaipachika katundu imatamuka, ukawirikiza katunduyo nako kutamuka kumawirikiza. Kuti upeze kulimba kwake, umagawa mphamvu yoikokayo ndi utali umene yatamuka. Basi. (Lamuloli lili ndi kamchira kena kamene ana akakaiwala ndimawakalipira. Tikapeza kutsogoloku.)

Titangokwatirana, ine ndi mkazi wanga tinapita kukathandiza kukolola nandolo. Mwambo wake mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, mawu amadzera mwa mwana wawo. Ndinkafunitsitsa kuti mayiwa andione kuti ndine munthu waulemu wake, osati wongodziwa choko.

Tsiku lina onse atapita kumunda, ine anandisiya ndikuyang'anira nandolo woyanika pamkeka. Maso anga anagwera pa sikelo yawo yokoloweka ya sipuling'i, ili lende mumtengo wa mango uja. Mkazi wanga anali atandinena kuti mimba yanga yakula, ndiye ndinati ndidziyeze mwakachetechete. Vuto linali loti manambala a sikeloyo amathera pa makilo 50, pamene ine ndinadutsapo kalekale. Koma kwa mphunzitsi limenelo si vuto. Ndinapachika thumba la nandolo, ndinayeza kutamuka kwake ndi kamtengo, kulimba kwake ndinawerengetsera padothi ndi chala. Chinatsala n'kulendewera ineyo, ndione pamene ngowe ifike, masamu amalize okha.

Ndinagwira ngowe ndi manja awiri n'kupinda miyendo. Sipuling'i inatamuka. Inatamukabe. Kenaka inalira kuti twee, ine matako phi pakati pa nandolo. Ndili pansipo m'pamene ndinakumbukira kamchira kaja: lamuloli limagwira ntchito ngati sunapyole malire, ukapyola sipuling'i sibwereranso.

Podzutsa mutu ndinangoona apongozi ali chiimire, dengu pamutu, mkazi wanga pambuyo pawo. Mwambo anausunga ndithu, anatembenukira kumbali, koma mapewa awo ankagwedezeka. Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso.

"Tawafunsa bambowa," anatero kwa mwana wawo, "ngati nawonso akupita kumsika, tiwasokere thumba."

"Uwauze kuti ndimayesa sayansi," ndinanong'oneza mkazi wanga.

"Ayi, zimenezo sindinena," anayankha akupukuta misozi.

Sikelo ina ndinawabweretsera, ndipo masiku ano m'kalasi ndimayamba ndi malire, lamulo pambuyo. (Mimba yokha sinaphunzirepo kanthu.) Koma yakale ija apongozi sanataye. Ikadali mumtengo momwemo, muvi wake ukuloza makilo angapo popanda chopachikapo. Mlendo akadabwa n'kufuna kuigwira, iwo amamuletsa mwaulemu:

"Isiyeni. Ndi akamwini anga amenewo, sanatsikebe."