Tsiku Limene Apongozi Anandisolola Pansi pa Pikapu

Amwene, musanayambe kuseka nsidze zangazi, dikirani ndikuuzeni kumene zinapita. Zinapita tsiku limodzi ndi ulemu wanga, pansi pa galimoto yanga yomwe, masanasana.

Paja mukuidziwa pikapu ija ndinagula ku esiteti eni ake atatopa nayo. Yakhala ikumwa chiperoni cha Thyolo kuyambira ine ndisanamere ndevu, ndiye kunsi kwake n'kofiira kuposa dothi la m'munda wa tiyi. Mwezi wathawu inayamba kupendekera kumanzere chakumbuyo, ikamayenda n'kumalira kwii kwii, moti othyola tiyi ankaweramuka ndisanatulukire n'komwe pakona. Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mlamu wanga, mlongo wawo wa akazi anga mayi a Tamanda, ku Goliati, Loweruka. Ine ndi pakamwa pangapa n'kulonjeza kuti apongozi, omwe amadandaula mawondo, akakwera kutsogolo ngati abwana, mwana wawo pakati ngati mpanda, mbuzi kumbuyo.

Mpandawo ndi wofunika, mumvetse. Ine ndine mkamwini kuno. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala pamudzi pa akazi anga, ndipo zaka zonsezo ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana m'kanjira, wina amapatukira m'tiyi. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo, yankho langa n'kudzeranso momwemo. Mudzi wonse unkati mkamwini ndi uyu, kalaliki wa pasikelo, shati yosita, mawu ochepa. Dzina limenelo ndinkalisamala kuposa galimotoyo.

Lachinayi ndinapita nayo kwa a Namakhwa, makaniko wa kugaraji ya esiteti. Anasuzumira kunsi, n'kugogoda ndi sipanala, dzimbiri n'kumayoyoka ngati gaga.

"Mabushi atha, tsamba limodzi la sipuling'i lathyoka," anatero. "Koma mabawuti awa amafuna kuwanyowetsa ndi oyilo masiku atatu. Bweretsani Lolemba, a kalaliki. Ndipo musalowe kunsiku nokha."

Lolemba? Chinkhoswe chitatha? Ndinawathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti awa sukulu anasiyira panjira. Ndinagula mabushi, timphira togwira sipuling'i tija, ndi tsamba lakale, n'kupeza kanema pafoni. Mzungu wina wa manja oyera, m'garaji ya simenti yowala, anamasula zonse n'kubwezera m'mphindi khumi ndi ziwiri, akumwetulira. Mphindi khumi ndi ziwiri, amwene. Ndiye ine woyeza tiyi wa anthu mazanamazana tsiku lililonse ndingalephere manati anayi? Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndinayankhidwa, phulalo n'kudyabe.

Lachisanu m'mawa mayi a Tamanda anapita ku Boma kukagula ziwiya za chinkhoswe, ana kusukulu, mudzi wonse kumunda wa tiyi. Panatsala ine, mbuzi yomangidwa pamtengo wa mapeyala, ndi apongozi m'nyumba mwawo chakumusi. Ndinavala buluku lakale, ndipo poti ntchito inali yauve, mkati ndinavala kabudula wamkati uja wa zaka zambiri, amene kumbuyo kwake kuli mawindo awiri ndi khomo. Angamuone ndani?

Ndinakweza galimoto ndi jeke, n'kuchotsa tayala. Mzungu uja anachirikiza galimoto yake ndi zitsulo za miyendo itatu. Ine, katswiri, ndinachirikiza ndi zidina zosawotcha zomwe zinatsala pomanga khitchini. Njerwa ndi njerwa basi. Kenako jeke ndinaichotsa kuti ikagwire ekiselo, galimoto yonse n'kutsamira pa zidinazo. Tayala ndinalikankhira pansi pa chasisi, osati chifukwa cha nzeru ayi, linkangondipinga poyenda. Apo n'kuti kamvula ka chiperoni kayamba kuwaza, kosanyowetsa munthu kaja.

Nati yoyamba inakana. Ndinaikoka, sipanala n'kupulumuka, zala zanga n'kukapatsa moni chitsulo. Ndinaithira palafini, botolo lonse, n'kuipatsa mphindi zisanu m'malo mwa masiku atatu a a Namakhwa, popeza ine sindine waulesi. Inakanabe. Mu kanema muja mzungu ankatenthetsa nati ndi moto wa gasi. Gasi ndinalibe, koma udzu wa denga la khola unalipo. Ndinayatsa muuni, n'kuyandikitsa nkhope kuti ndione bwino, pa nati yomwe yangomwa kumene palafini, thanki ya dizilo ili pambali ikuonerera. Moto unangoti phuu. Ndinazimitsa ndi thumba lonyowa, ndipo pogwira kumaso ndinapeza posalala ngati pa bondo. Nsidze zinathera pamenepo.

Munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinalowetsa paipi ku sipanala, n'kuponda ndi mwendo, bawuti n'kuthyoka kuti thyo. Ndinasangalalatu. Kuthyoka ndi kumasuka komwe, eti? Ndinalowa chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ili panja, n'kuyamba kumenya ndi hamala bawuti yaikulu yogwira sipuling'i. Ndikamenya, dzimbiri m'maso, m'kamwa, m'makutu. Ndikamenya, galimoto igwedezeka. Zidina zija, zomwe zinakhala zikumwa kamvula kosanyowetsa kaja kwa maola awiri, zinakumbuka kuti kwawo ndi kudothi.

Galimoto sinagwe ayi. Inangokhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kutsamira pa tayala lija. Chitsulo chinaima chikhatho chimodzi kuchokera pamphuno panga. Ndinagwedeza zala, zonse zilipo. Koma nsonga ya sipuling'i inali itapanikiza buluku langa padothi, pambali penipeni pa chiuno, nsalu yokha, mnofu osaukhudza. Kusuntha ayi, kutembenuka ayi, zigongono zikungoterereka m'matope. Pamwamba pa boneti foni inkangobwereza kanema, mzungu uja akumaliza ntchito kachisanu ndi chiwiri.

Ndinaganiza zogona pomwepo mwakachetechete mpaka mayi a Tamanda abwere. Bola kuzizidwa kusiyana ndi manyazi. Koma linthumbu linali ndi maganizo ena. Linabwera pamzere kuchokera kunthochi, n'kulowera m'miyendo ya buluku, n'kukwera mpaka kukapeza mawindo aja. Amwene, ndinakuwa. Ine wa mawu ochepa ndinakuwa mpaka mbuzi inayankha.

Ndinamva mapazi, kenako ndinaona zidendene ziwiri zitaima chofulatira. Apongozi. Ngakhale pangozi, mwambo sanautaye. Poti mwana wawo panalibe, anayang'ana mbuzi.

"Mbuzi iwe, tawafunse bambo a Tamanda ngati ali moyo."

Ndinameza dzimbiri. "Mbuzi, uwauze amayi kuti ndili bwino ndithu, ndikungomalizitsa ntchito."

"Uwauze kuti ntchitoyo taimva kuchokera kumusi. Ndikaitane amuna kumunda?"

Kumunda n'kutali, theka la ola pa mawondo amenewo. Komanso amuna ake ati? Omwe ndimawayeza tiyi, n'kumawauza kuti dengu lanyowa? Nthawi yomweyo linthumbu lina linaluma pamalo oti sindingatchule pano.

"Mbuzi, uwapemphe amayi angondikoka miyendo. Chonde, msanga."

Kenako ndinamva akuusa moyo, akuyankhula Chilomwe chapansipansi chomwe sindinafune kuchimva. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kudziphimba nacho kumutu mpaka kumaso kuti asaone mkamwini, n'kufufuza ndi manja mpaka anapeza akakolo anga. Ine ndinamasula batani ndi zipi, chifukwa buluku linali litasankha kukhala ndi galimoto. Mayi wodandaula mawondo uja, amene wagwira khasu zaka makumi asanu, anandisolola kamodzi kokha ngati chinangwa.

Ndinatuluka. Buluku linatsala. Ndinadzuka n'kuyamba kuvina pabwalo, ndikudzimenya mbama m'ntchafu, wopanda nsidze, nkhope yofiira ndi dzimbiri, mawindo onse ali pamtetete. Apongozi anaima chiimire, mutu uli m'chitenje. Tsono vuto linali loti chitenje chapadera chinali chimodzi chomwecho. Chikaphimba maso awo, ine ndili pamtunda. Chikaphimba ine, maso awo ali pamtunda. Anachivula, n'kuchiponya cha kumene kunkamveka mbama, n'kutembenuka.

"Mbuzi, uwauze kuti ine ndinatsinzina."

Ndinathawira m'nyumba nditavala chitenje cha apongozi. Ndinkafuna nthaka ing'ambike, ndikunena zoona.

Madzulo a Namakhwa anabwera ndi majeke awo. Anayang'ana phala la zidina lija, n'kuyang'ana kumaso kwanga, n'kungofunsa kuti, "A kalaliki, mumakonza galimoto kapena mumaumba khitchini ina?" Buluku analitulutsa ndi iwo, n'kulipereka kwa mayi a Tamanda, omwe ndinawauza kuti ndinadzisolola ndekha. Ku Goliati tinapita pa matola, apongozi atapanikizana ndi mbuzi. Za nsidze ndinkati ndi mbaula. Tsiku lonse ndinkatchera khutu, kudikira kuti azimayi ayambe kuseka kuseri, koma kunali zii. Apongozi sanauze munthu. Sabata inatha, ine n'kuyambanso kuyenda mowongoka, n'kumadziuza kuti mwina anatsinzinadi.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, mayi a Tamanda analowa ndi kaphukusi ka pepala lakhaki.

"Amayi akuti ndikupatseni ichi. Akuti iwo sanaone kanthu."

Anamasula okha, ine ndikuyang'ana. Makabudula amkati atatu, atsopano, a kumsika wa ku Boma. Anawatambasula m'mwamba, n'kuyang'ana nambala, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Bambo a Tamanda, zaka eyiti ine ndimalakwitsa saizi yanu. Amayi aidziwa bwanji?"

Amwene, anandikwana ndendende, onse atatu. Ndiye kuyambira pano, galimoto ikangoti kwii, ndikupita nayo kwa a Namakhwa, ndikadikira Lolemba, ngakhale Lolemba la chaka chamawa. Ndipo mukadzandiona ndagwiranso sipanala, mundilande, koma muyambe mwandifunsa zomwe ndavala mkati.