Nyenyezi zinandikana pamaso pa ankhoswe

Manyazi akanakhala kuti amapha, bwenzi mutandiika kale m'manda.

Ine ndine wamtima wapachala, ndisabise. Koma nditagula foni yamakono ndinapeza wondiikira kumbuyo: kapulogalamu ka nyenyezi, kowerengera mwachizungu. Kanati anthu alipo a moto, a madzi, a dothi ndi a mphepo, ndipo popeza ndinabadwa kuchiyambi kwa Ogasiti, ine ndine Mkango, wa moto, wamagazi otentha, wobadwira kulamula. Ndinamva kukoma. Kuyambira pamenepo ndikakalipa pakhomo pathu ku Tengani, ndinkangoti si ine, ndi nyenyezi.

Akazi anga, amake Tadala, anapirira mpaka tsiku lomwe ndinawalalatira chifukwa mbuzi zinadya mapira a eni, chonsecho woiwala kuzimangirira ndinali ine. Anamanga katundu n'kuwoloka Shire kupita kwawo ku Nyachikadza, ndi mwana yemwe. Ndinawasowa koopsa, ndipo ndinachita mantha kuti banja latha.

Tinakwera bwato ndi ankhoswe anga kukapepesa. M'njira anandilangiza kuti ndikangovomera kulakwa, basi, ndisawonjezere kanthu. (Malangizo abwinowo ndinawasiya m'bwato momwemo.) Titakhala pamphasa, amalume awo a amake Tadala anandifunsa chimene chimandikwiyitsa chonchi. M'malo mopepesa, ine n'kuyamba kuphunzitsa akuluakulu za moto ndi madzi, kuti munthu sasankha nyenyezi yake. Kuti asandikayikire, ndinatulutsa foni.

Tsoka lake, kapulogalamu kanga kaja ndinali nditakafufuta foni itadzaza, ndipo padoko ndinatsitsa kena mofulumira, osakayesa n'komwe. Kameneka kanali kowerengera mwachimwenye. Amwenye amayang'ana pamene nyenyezi zilidi kumwambaku, pomwe azungu amatsata nyengo za kwawo, ndipo mawerengedwe awiriwa amasiyana pafupifupi mwezi. Zonsezi ndazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Ndinalembamo tsiku langa lobadwa, n'kupatsira mlamu wanga kuti amasulire mokweza, aliyense amve. Ine khosi njo.

"Nkhanu," anawerenga mlamu. "Wa madzi. Munthu wofatsa, wokonda pakhomo, wosachedwa kulira."

Ankhoswe anga anayamba kuyang'anitsitsa zala zawo zakumapazi. Ine ndinati foni yasokonekera ndi kutentha, tiyesenso. Tinayesanso. Nkhanu yomweyo.

"Akamwini, mkango nkhabe apa, palibiretu," anatero amalume mofatsa. "Nkhanu ife timazidziwa, zili mbwee m'dambomu, ndipo sitinamvepo zikukalipira munthu. Nanga moto uja mumakaupala kuti?"

Ndinasowa polowa. Amake Tadala ndiwo anamaliza mlandu.

"Bambo a Tadala, sankhani lero. Mkango sugona m'nyumba ndi anthu. Koma ngati ndinu nkhanu, ndibwerera."

Ndinasankha nkhanu, pamaso pa anthu onsewo, misozi ili lengelenge. (Pamenepo pokha foni sinaname.)

Anabwereradi, ndipo kulalata ndinachepetsa, chifukwa ndilibenso woti ndimunamizire. Koma nyenyezi sindinazisiye. Tsiku lina amake Tadala atapita kumunda wa thonje, ndinalemba mobisa tsiku lawo lobadwa m'kapulogalamu ka amwenye kaja, kungofuna kudziwa amene ndikukhala naye.

Mkango.

Sindinawauze, ndipo chonde nanunso musakawauze.