Disiki Yochokera kwa Alamu

Lolemba

Yafika! Kompyuta yafika! Alamu a ku Lilongwe aikweza minibasi m'mawa, ndipo kuchokera pa Santhe yabwera pa kabaza itakulungidwa m'bulangete. Akuti kuofesi kwawo amafuna kuitaya. Kuitaya! Anthu a m'tauni Mulungu awakhululukire.

Lolemba likubwerali ndili ndi intavyu ku boma, ntchito ya ukalaliki. M'kalata yofunsira ntchito ndinalemba kuti kompyuta ndimaidziwa. Si bodza kwenikweni. Ndinaphunzira masabata awiri ku koleji, anthu asanu pa kompyuta imodzi, ine gawo langa linali logwira mausi. Tsopano ndamva kuti adzatipatsa kalata yoti titayipe iwo akuyang'ana wotchi. Zaka khumi ndi ziwiri za choko ndi ana a Sitandade 2 zandikwana. Ntchito iyi ndikuifuna ndi mtima wanga wonse.

Alamu pa foni: "Mkatimo anafufuta zonse, ndiye siyiyaka bwino mpaka muikemo sisitemu. Disiki yake ili mu envelopu. Ingoilowetsani mlamu, imayenda yokha."

Mapulani:
- Lero: kuika sisitemu.
- Lachiwiri ndi Lachitatu: kutayipa ndi zala ziwiri.
- Lachinayi: zala zonse.
- Lachisanu: osayang'ana pa kiyibodi.
- Loweruka: kumanga tsitsi.

Ndalumikiza zingwe zonse, palibe yatsala. Ndikuti ndidine batani, magetsi thi! Palibe kanthu, mawa zala ziwiri ndiziyamba mochedwerapo basi.

Lachiwiri

Ndaweruka ndikuthamanga. Disiki mkati. Ikulira, ikuzungulira, sikirini yasanduka yabuluu! Manambala akukwera: 5, 12, 30. Ndaitana abambo akunyumba kuchokera kuchigafa cha fodya kuti adzaone. Aima pakhomo manja kumbuyo ngati alowa m'chipatala.

41. Yaima.

Pabwera mawu a Chingerezi oti fayilo ina yasowa. Yasowera kuti, poti envelopu inabwera yomata? Ndazimitsa, ndayatsa. 41. Kachitatu, 41 yemweyo.

Ndaitulutsa ndi kuitembenuza. Kunsi kwake kuli chidindo cha chala chachikulu, chakuda bii, chomata. Utomoni wa fodya! M'nyumba muno wosankha fodya ndi mmodzi.

Iwo: "Ndimangofuna ndione ngati zolembazo zimaoneka ndi maso."

Sindinakalipe. Ndangowayang'ana mpaka abwerera okha kuchigafa. Ndapukuta ndi nsonga ya chitenje, utomoni wangofalikira ponseponse.

Lachitatu

Ndalakwitsa kuitchula nkhaniyi pa buleki. Aphunzitsi onse asanduka akatswiri. Malangizo omwe ndalandira:
- mankhwala otsukira mano
- khoko la nthochi
- mafuta odzola
- palafini (awa ndi a hedi, akuti utomoni umamva palafini basi)
- kuipemerera mpweya kenako kuipukuta pa malaya
- kuipempherera

Ndasankha mankhwala a mano ndi madzi a sopo. Ndathamangira kunyumba pa buleki yachiwiri, ndaitsuka bwinobwino, ikuwala mpaka ndikudziona mano. Ndaiyanika pa lata la khola la nkhuku kuti iume msanga, ndabwerera m'kalasi ndikuimba. Ana aona okha kuti madamu lero asangalala.

Ndaiwala kuti kunja kuli dzuwa.

Ndaweruka, ndapeza disiki yauma ndithu. Yaumanso mopitirira. Yapindika m'mbali ngati chipapati chaching'ono, ukaiika pa tebulo ikugwedera. M'kompyuta ikungoti khwe khwe khwe, ngakhale 1 sakubwera.

Pamenepa palibe woti ndimuyang'ane. Abambo akunyumba akuyenda m'nyumba monse akuimba mluzu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la zala zonse. Zala zonse zili pa chiwongolero cha njinga, ulendo wa ku Santhe.

Pali bambo wina amene amaika nyimbo m'mafoni, kashopu kake kali kuseri kwa ogulitsa matayala. Waitenga disiki, waiyang'anitsa, waseka mpaka kutsokomola. "Madamu, zimenezi tinasiya kalekale. Masiku ano ndi fulashi." Ndati ndiikireni pa fulashipo. Akuti sisitemuyo alibe, ndipo kuti aikoke pa intaneti ndi netiweki ya kuno, ndidzabwere fodya wa chaka chamawa atagulitsidwa.

Koma munthu wabwino! Wafufuza m'katoni, pansi pa zingwe zakufa, watulutsa disiki ina yolembedwa ndi cholembera chakuda: SISITEMU. Wangondipatsa. Ndapalasa njinga ngati mtsikana, fumbi kobo, ndikupereka moni kwa anthu osawadziwa.

Kunyumba: kompyuta ikuizungulitsa, kenako chete. Kawiri, katatu, chete. Ndakaiyesa pa DVD ya aneba kuti ndione ngati ili ndi moyo.

Ili ndi moyo. Ndi ukwati wa anthu ena ake, akuponya ndalama pa perekaniperekani. Aneba akana kundibwezera mpaka aone diresi la mkwatibwi.

Masiku atsala atatu. Koma sindinataye chikhulupiriro.

Lachisanu

Abambo akunyumba akhala akuizungulira disiki yopindika ija kuyambira m'mawa. Masana alankhula: "Amayi, chopindika chilichonse chimawongoka mu jeke."

Jeke yodindira mabelo a fodya! Ndaseka. Kenako ndasiya kuseka, chifukwa nzeru ina ndilibe.

Mmene achitira, ndipo ndivomere kuti mwaluso:
- asamba m'manja kawiri, ine ndikuona
- aitenthetsa pang'ono padzuwa kuti ifewe, akuti ngakhale fodya sadinda ali wouma gwa
- aikulunga mu mpango wanga wa kutchalitchi
- thabwa pansi, thabwa pamwamba
- apotokola chitsulo pang'onopang'ono, khutu lili pa thabwa

Alimi atatu omwe anabwera kudzadinda mabelo awo aimitsa ntchito. Wina akuti onjezani, wina akuti basi mwapha. Wachitatu wavula chipewa.

Tadikira ola lathunthu. Atsegula.

YAWONGOKA! Yagona pa thabwa phwatalala! Ndakuwa mpaka nkhuku zabalalika. Ndathamanga nayo, alimi onse pambuyo panga, nsapato zawo zafumbi pa simenti yanga yokolopa, ndipo sindikusamala.

12. 30. 41... 42! Yadutsa! Tikuwerenga mokweza tonse ngati ana anga a Sitandade 2. 60! 75! Abambo akunyumba akugwirana chanza ndi aliyense. Ine ndayamba kale kuganiza za diresi lovala tsiku loyamba kuofesi, ndi mpando wozungulira, ndi manja opanda choko.

88. Khwe. Khwe khwe. Fayilo yasowa.

Komabe 88! Kuchoka pa zero kufika 88 tsiku limodzi! Mwamuna uyu ndinasankha bwino. Mawa tsitsi lidikire, zala ziwiri ndi zala zonse ndiziphatikiza tsiku limodzi.

Loweruka

Ndadzuka ndi nyimbo pakamwa. Ndapita kumjigo. Pobwera envelopu ili pa tebulo, disiki mulibe.

Kuchigafa kuli zii. Zii woipa.

Abambo akunyumba ndawapeza atakhala pa belo, mpango wanga uli pamaondo. Akuti anawerengera usiku wonse: ngati kupotokola kanayi kwatifikitsa pa 88, kamodzi kena kakwanitsa 100. Masamu ake ndi omveka ndithu, ndikanawachongera.

Iwo: "Inangoti the, kamodzi kokha, osati mokweza."

Zidutswa ziwiri, ndi kachitatu kakang'ono.

Ndaimbira alamu. Aseka kaye, kenako azindikira kuti ine sindikuseka. Akuti apeza ina, aitumiza ndi minibasi Lachitatu. Intavyu ndi Lolemba.

Ndayesa kumata ndi selotepi. Inde, ndayesa, ndipo ndalemba pano kuti ndisadzakane. Kompyuta yailavula.

Ndalira. Ndakhala pa mpando, kutsogolo kwa sikirini yakuda, ndalira ngati mwana, chifukwa sabata yonse yatha ndipo sindinatayipe ngakhale chilembo chimodzi. Abambo akunyumba akonza okha tiyi, shuga wambiri zedi, aika pambali panga. Tsitsi sindinamange.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu atatu andifunsa ngati yafika pa 100. Nkhani yafika kale mpaka ku Lisasadzi. Ndangoti tikuyamika.

Madzulo ndazula chingwe cha kiyibodi, ndaiika pa tebulo lodyera. Mabatani ake amadinika ngakhale kompyuta ili yakufa. Abambo akunyumba akoka mpando, atenga kalata yakale ya kalabu ya alimi, akundiwerengera mawu amodziamodzi, wotchi ili m'dzanja. Ine ndikudina. Palibe chikutuluka paliponse.

A ndamupeza. E ndamupeza. W amandithawa, koma ali pamwamba kumanzere. Kalata yoyamba mphindi makumi anayi, yachitatu makumi awiri ndi zisanu.

Ndawafunsa ngati ndalakwitsa penapake. Ayang'anitsitsa pa tebulo lopanda kanthu, nati, "Ine sindikuonapo cholakwa ngakhale chimodzi."

Mwina ntchitoyi ipita kwa wina, ndipo Lachiwiri ndidzakhala ndili ndi choko m'manja. Ndavomera. Koma minibasi yoyamba ndikwera, tsitsi ndimanga duku. Mawa ku boma, anthu akuyang'ana wotchi, ndi pomwe ndikaone koyamba zomwe zala zangazi zakhala zikulemba.